Dirilo ya batire ya 18V: chipangizocho ndachikonda, koma wogulitsa uja sindinamukhululukire

Ndadikira miyezi inayi ndisanalembe ndemangayi, chifukwa ndikanalemba sabata yoyamba ija bwenzi muli mawu oipa okhaokha. Ndikunena dirilo ya 18V ija imabwera m'kabokosi kapulasitiki, yokhala ndi mabatire awiri a 2.0Ah, tchaja, ndi kapaketi ka mabiti (tizitsulo toboolera timene timaikidwa kutsogolo kwa dirilo) komwe amati ndi mphatso. Mtengo wake si ndalama yongotola, ine ndinachita kusungira miyezi ingapo.

Ndinagula chifukwa ndinatopa ndi kudikira amisiri. Chitseko cha kabati yakukhitchini chinatha chaka chikulendewera pa hinjesi imodzi, ndipo aliyense amene ndinkamuitana ankangoti "ndibwera mawa, mayi". Ntchito zing'onozing'ono safuna n'kuzimva komwe. Bambo anga anali munthu waluso la manja, ndinakula ndikuwagwirira thabwa iwo akucheka, choncho nyundo, sowo ndi sikuludiraiva si zachilendo kwa ine. Chimene chinkandisowa ndi choboolera khoma basi.

M'sitolomo ndinapeza mnyamata wina pakauntala. Ndinamufunsa ngati diriloyo imaboola njerwa. Iye maso ali pafoni anati, "Mayi, mukugulira bambo akunyumba? Bwanji osabwera nawo adzasankhe okha?" Ndinamuuza kuti wogwiritsa ntchito ndine. Anaseka kaseko kena kake kamene mpaka lero ndikakakumbukira mtima umandiwawa. Kenako anayamba kundikakamiza ina yodula yolembedwa 20V, akuti ndi yamphamvu kuposa iyi. Ndinadzadziwa pambuyo pake kuti batire la 18V ndi lolembedwa 20V max ndi chinthu chimodzi: mkati muli timabatire tisanu, kalikonse ka 3.6V, ndipo tikangochoka kumene pa tchaja timafika 4V, ndiye ena amalemba nambala yaikuluyo pabokosi. Kaya iye sankadziwa kaya ankadziwa, zonsezo n'zoipa kwa munthu woima pakauntala. Za mabiti a m'paketi aja anandiuza motsimikiza kuti, "Awa amaboola chilichonse, thabwa, chitsulo, konkire, musadandaule." Mawu amenewa ndi amene anandipweteketsa.

Loweruka lake ndinati ndiyambe ndi chitsulo cha makatani pabalaza. Ndinayeza bwinobwino, ndinaika levulo, ndinachonga ndi pensulo malo anayi pamwamba pa zenera. Mwana wanga wamkazi ndiye ankandigwirira mpando. Biti inalowa m'pulasitala ngati ikulowa m'sopo, ine mtima mbee. Itangodutsa pulasitalayo inaima. Dirilo ikuzungulira, koma fumbi lasiya kutuluka. Ndinakankha ndi mphamvu. Kulira kwake kunasintha, kunakhala kwa nsweee kolasa m'makutu, ndipo kunayamba kumveka fungo la chitsulo chopsa. Nditazula, nsonga ya biti inali itasanduka yabuluu, yobuntha ngati mutu wa msomali. Ndinaika yachiwiri, zomwezo. Yachitatu inaterereka n'kugumula pulasitala chigamba chachikulu ngati chikhatho changa, pamalo oonekera aliyense wolowa m'nyumba. Batire linali litatentha moti sindikanatha kuligwira nthawi yaitali. Mwana anangoti, "Amayi, mwina yafa." Ndinatsika pampando manja akunjenjemera, ndikuwerengera ndalama zanga zonse zija.

Lolemba m'mawa ndinali pakauntala pomwe paja, lisiti m'manja. Ndinamuonetsa mabiti atatu opsa aja. Sanawagwire n'komwe. Anati katundu wogwiritsidwa kale ntchito sabwezedwa, ndipo waranti siikhudza zomwe munthu waononga yekha. Ndinapempha kuonana ndi bwana wake, akuti atuluka. Kenako, anthu ena ali pamzere akumva, anawonjezera kuti, "Pajatu ndinanena kuti mubwere ndi bambo." Sindinamuyankhe, chifukwa ndikanatsegula pakamwa zikanafika patali. Ndinanyamula bokosi langa n'kutuluka.

Ndili panja ndinamva munthu akuitana, "Amayi, taimani pang'ono." Anali bambo wachikulire amene anali kumbuyo kwanga pamzere, manja ake oyera ndi simenti. Anapempha kuona mabiti aja, anawatembenuza kamodzi kokha n'kupukusa mutu. Anandiuza kuti amenewa ndi oboolera chitsulo, pathabwa amagwiranso, koma pakhoma amangopsa, ndipo biti ikasanduka yabuluu ndiye kuti kulimba kwake kwatha. Anatulutsa m'thumba biti yake ya khoma n'kundionetsa: kunsonga kuli kachitsulo kolimba kwambiri kooneka ngati mutu wa muvi, kotambalala pang'ono kuposa thupi la bitiyo. Kachitsulo kameneka ndi kamene kamaswa njerwa, mizere yopota ija ntchito yake n'kungotulutsa fumbi. Anandifunsanso pomwe ndinkaboola. Nditati pamwamba penipeni pa zenera, anati pamenepo si njerwa, ndi konkire yomwe amathira kuti inyamule khoma la pamwamba, ndipo mkati mwake mumakhala zitsulo. Kenako anatenga dirilo yanga, anapotoza kamkombero ka kutsogolo kuchoka pa chizindikiro cha biti kufika pa chizindikiro cha kanyundo, anati pakhoma muziika apa kuti izigogoda uku ikuzungulira. Zonsezi sizinathe mphindi zisanu. Mnyamata uja akanatha kundiuza zomwezi tsiku loyamba, komanso akanagulitsa mabiti a khoma pamwamba pake. Dzina la bambowo sindinafunse, ndipo zimenezi zimandidandaulitsa.

Biti ya khoma ya 6mm ndi mapulagi ake, timapulasitiki tolowetsa m'bowo kuti sikuluwu igwire, ndinakagula kwina, sindikanaperekanso ndalama yanga pamalo paja. Ndinakweza zogwirira chitsulo cha makatani m'mwamba pang'ono kuti zidutse konkire ija zifike panjerwa. Ndinakulunga katepi pa biti poyeza kutalika kwa pulagi, kuti ndidziwe poimira. Ndinayamba pang'onopang'ono popanda kanyundo mpaka biti itagwira, kenako n'kuyatsa kanyundo. Fumbi lofiira linayamba kuyoyoka, ndipo bowo linatha ndisanawerenge mpaka 15. Pulagi inalowa ndi kugogoda kuwiri, sikuluwu inagwira nganganga. Ndinakoka chogwiriracho ndi manja awiri, osagwedezeka. Apa m'pamene mkwiyo wanga pa dirilo unayamba kutsika, chifukwa ndinaona kuti chipangizocho chinalibe mlandu.

Kuyambira pamenepo yagwira ntchito zambiri: mashelefu atatu, galasi lakubafa, loko wa chitseko chakumbuyo, bedi la ana lomwe linkalira usiku. Chimene ndachikonda koposa ndi manambala a pamkombero aja, omwe amachititsa kuti dirilo ileke kukoka sikuluwu ikafika pothina. Kabati yakukhitchini ija mabowo ake anali atakula, masikuluwu ankangozungulira osagwira. Ndinadzaza mabowowo ndi timitengo ta machesi toviika m'guluu wa matabwa, ndinasiya usiku wonse kuti ziume, m'mawa ndinadula zotsalira, ndinaboola kabowo kakang'ono kotsogolera, n'kumanga pa giya 1 ndi nambala yotsika. Itafika pothina inangolira kuti trrr n'kusiya, osang'amba thabwa. Chitseko chomwe chinandizunza chaka chathunthu chinatseka bwinobwino. Ndinachitsegula ndi kuchitseka kangapo konse ndili ndekha m'khitchinimo, ndikukumbukira bambo anga.

Sikuti ilibe zofooka. Tchaja chake n'chochedwa, choncho batire lachiwiri lija si lapadera ayi, n'lofunika ndithu. Ikakhala pa kanyundo nthawi yaitali, pogwirira biti pamamasuka, ndiye ndimayenera kuima n'kumangitsanso. Katochi kake kamaunika pansi pa biti, pomwe ukuboola penipeni pamakhala mthunzi. Pa konkire yeniyeni, ngakhale ndi biti yoyenera, imaboola pang'onopang'ono kwambiri ndipo batire silichedwa kutha. Ntchito imeneyo ndi ya dirilo zikuluzikulu za SDS, ndipo amene nyumba yake ndi ya konkire yokhayokha asataye ndalama pa iyi. Kabuku ka m'bokosi ndi zithunzi zokhazokha, sikanena n'komwe za kusiyana kwa mabiti, kapena kuchenjeza kuti munthu asaboole molunjika pamwamba, pansi kapena m'mbali mwa soketi ndi swichi, komwe mawaya amagetsi amakonda kudutsa. Zimenezi ndinachita kuuzidwa ndi bambo wachikulire wa kusitolo uja tikusiyana, ndipo ndimazitsatira nthawi zonse. Magalasi oteteza maso muguliretu, m'bokosimo mulibe, ndipo fumbi la njerwa poboola m'mwamba limagwera m'maso mwenimweni.

Dirilo ndaipatsa nyenyezi zinayi. Imodziyo ndachotsa chifukwa cha tchaja ndi mabiti a mphatso aja, omwe sanalembedwe paliponse kuti ndi a chitsulo. Sitoloyo sindiipatsa kanthu. Chigamba cha pulasitala ndinachimata ndekha n'kupaka penti, koma dzuwa likawomba cham'mbali chimaonekabe, ndipo ndikachiona ndimakumbukira kaseko kaja.

Mwezi watha ndinalowamonso, osati kukagula, koma ndinaperekeza mlamu wanga amene ankafuna mpope wakusinki. Mnyamata yemwe uja anali pakauntala, akuonetsa mtsikana wina bokosi ngati langa lomweli, ndipo ndinamumva ndi makutu anga akuti, "Awa amaboola chilichonse." Ndinapita pomwepo n'kumufunsa mtsikanayo chomwe akufuna kuboola. Anati khoma, akufuna kupachika TV. Ndinamuuza kuti afunse biti ya khoma yofanana kukula ndi mapulagi ake, ndinamuonetsa chizindikiro cha kanyundo, ndinamuuzanso za mawaya a pafupi ndi soketi. Mnyamatayo anati, "Mayi, mukundisokonezera kasitomala." Mtsikanayo sanamuyang'ane, anatulutsa foni n'kundiuza kuti, "Anti, tabwerezani pang'onopang'ono ndilembe."