Kasungu mpaka Mzuzu: tidzere ku Chikangawa kapena tizungulire kunyanja?

Anthu angapo akhala akundifunsa za ulendo wa ku Mzuzu wongokapitidwako mphepo, osati wa maliro kapena wokapikula katundu ayi, koma woti mwanyamula banja kapena magaye mukufuna muone dziko. Kuchokera pano pa Kasungu njira zilipo ziwiri ndipo zonse ndadutsamo kangapo ndi ka Sienta kanga. Yoyamba ndi M1 basi, Chatoloma, Nkhamenya, Jenda, kenako kukwera mapiri a Viphya kudzera ku Chikangawa. Yachiwiri mumatsika ndi M18 mpaka pa Nkhotakota, nkutenga M5 ya m'mbali mwa nyanja, Dwangwa, Chintheche, Nkhata Bay, nkukwera chitunda cholowera mu Mzuzu.

Tiyambe ndi za m'thumba poti ndi zomwe zimatilamulira. Ya Chikangawa ndi makilomita pafupifupi 240, ya kunyanja imadutsa 350. Kagalimoto kanga kamamwa malita cha m'ma 20 njira yoyambayo, yachiwiri kamafuna 30 kapena kuposerapo chifukwa cha giya yaing'ono pozemba maenje. Ndiye ngati mafuta akuvuta, ya kunyanja muiwale kaye. Ndipo njira iliyonse yomwe mwasankha dzadzani thanki konkuno, musadalire zoti mukathira kutsogolo, mukadutsa pa Jenda malo othirapo mafuta ndi osowa mpaka Mzuzu.

Tsopano M1. Kuyambira pano mpaka pa Jenda, makilomita 85 aja, palibe chodabwitsa, ndi minda ya fodya ndi zigafa zomwe tinazizolowera. Pa Jenda pali rodibuloko, laisensi, COF ndi inshuwalansi zikhale pafupi, komanso ndi pomwe amayi akunyumba amatsikira kukagula tomato ndi anyezi ngati kuti kuno kulibe. Kukoma kumayamba mukadutsa pokhotera ku boma la Mzimba. Msewu umayamba kukwera mokhotakhota, mphepo imasintha, mumangozindikira mwatseka mawindo nokha. Kumtundako ndi mamita oposa 1,500 pamwamba pa nyanja yamchere, ndiye June ndi July musapite ndi malaya okha, juzi ikhalepo. Mapiri amiyala amangotulukira uku ndi uku, ndipo pali chimwala chija amati Elephant Rock, chooneka ngati njovu yagwada, ana anga amayamba kuchisaka tikadali kutali.

Koma ndinene zoona, Chikangawa ya lero imamvetsa chisoni kwa amene tinaidziwa kale. Nkhalango ya mapaini ija inadzalidwa kwambiri kuyambira m'ma 1960, mahekitala 53,000, cholinga chinali choti kudzakhale fakitale yopanga zopangira mapepala, yomwe sinamangidwe. Ndili mwana pa basi timayenda mtunda wautali mu mdima wa mitengo masanasana, fungo la utomoni likulowa pawindo. Pano malo ambiri ndi zitsa, udzu ndi timitengo tating'ono, macheka ndi moto wa chaka ndi chaka zinamaliza. Mbali zina adzalanso ndipo kukubiriwira, makamaka chakufupi ndi fakitale ya matabwa ya Raiply. Chodabwitsa nchakuti kudulidwa kwa mitengoko kwatsegula maso, pano umaona patali zedi, zigwa ndi mapiri mpaka kosaoneka. Nthawi ya dzinja anthu amagulitsa bowa m'mbali mwa msewu, m'mabeseni odzadza, imani mugule.

Vuto lalikulu la njira iyi ndi chifunga. Chaka china mu June ndinadziyesa wochenjera, ndinanyamuka 3 koloko m'bandakucha ati ndikafike m'mawa. Titakwera phiri chifunga chinatiphimba moti mzere woyera wa pakati ndimauona mamita ochepa okha, ukayatsa ma full ndiye zimaipiratu, kuwala kumangobwerera kumaso. Ndikuyenda 30, mwadzidzidzi ndinangoona masamba a mitengo pa msewu, kutsogolo kwake chithiraki cha matabwa chafa pakona penipeni, chopanda nyali ngakhale imodzi, masambawo ndiye anali triangle yawo. Amayi akunyumba anangoti, "Inu, tangoimani kaye kuche, kodi tikuthamangira chani?" Tinaima pambali ndi ma hazard mpaka cha m'ma 7. Nonse mukukumbukiranso kuti ndi m'nkhalango yomweyi momwe ndege ya a Chilima inagwera pa 10 June 2024 kunja kutaipa. Ndiye nyamukani kuno cha m'ma 7 kapena 8, mukafike kumtunda dzuwa litakwera, ndipo usiku musayerekeze.

Ya kunyanja ndi nkhani ina. Anthu amaiona ngati yopanda mapiri koma ili ndi zitunda ziwiri zabwino, kumayambiriro ndi kumapeto. Mukadutsa pa Malomo M18 imalowa m'nkhalango ya nyama ya Nkhotakota nkumatsika mokhotakhota kulowera kunyanja, mitengo yachilengedwe yokhayokha, misuku ndi mitondo, osati yodzala. A African Parks anayamba kuyang'anira malowa mu 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 anabweretsamo njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Ine njovu yeniyeni ndinaionapo kamodzi kokha, nthawi zambiri ndi ndowe zake pa tala ndi anyani okhala pakati pa msewu ngati ndi pakwawo. Musatsike galimoto mmenemo ati selfie, chonde.

Pa Nkhotakota ngati nthawi ilipo kaoneni mtengo womwe amati David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe mu 1863 pa nkhani ya ukapolo, mugulenso mpunga. Kuchoka apo ndiye poyesera mtima. M5 ndi yopapatiza, m'mbali munadyeka, milatho yambiri ndi yodutsa galimoto imodzi, ndiye kuphatikiza njinga, akabaza, mbuzi, ndi mathirakita a nzimbe chakufupi ndi Dwangwa, liwiro lake silidutsa 60 malo ambiri. Madzi osefukira a mu February 2024 anadula msewuwu cha ku Dwangwa komweko, choncho nthawi ya mvula funsani kaye madalaivala a minibasi musananyamuke. Sipeya yopopa bwino ndi jeke ndi zofunika kuno kuposa ku M1.

Mukapirira zimenezo mphotho yake ndi Kande ndi Chintheche, mchenga woyera, madzi oyera mbee, batala wootcha ndi kondowole ngati m'mimba mwanu mumalola. Kenako mumadutsa m'munda wa mitengo ya labala ku Vizara, anyamata akugulitsa mipira yopangidwa ndi labala yemweyo, ana sangakulekeni osagula. Chitunda cha Nkhata Bay kupita Mzuzu ndi makilomita osakwana 50 koma mumakwera mamita oposa 700, msewu wake anaukonza ndi wabwino, kumbuyo nyanja ikuoneka pansi. Mukamatsika chitunda chimenechi gwiritsani giya, ya automatic ikani pa L kapena 2. Ine makaniko wina anandiikira mapadi otchipa nkundiuza kuti ndi orijino, pofika pansi mabuleki akununkha ngati mphika wopserera, phazi likungolowa.

Ndiye ndisankhe iti? Ngati muli ndi tsiku limodzi, kapena muli ndi ana aang'ono ndi agogo, Chikangawa basi, maola anayi mwafika ndipo mapiri mwawaona. Ya kunyanja tsiku limodzi ndi chilango, mumafika msana utauma osaonanso kanthu, imafuna kugona pa Chintheche. Mmene ndimachitira ine ndi kupita ndi M1 Lachisanu m'mawa, kugona Mzuzu, Loweruka kutsikira kunyanja nkugona konko, Lamulungu kunyamuka 8 koloko kuti nkhalango ya Nkhotakota tiidutse kukadawala. Miyezi yake ndi August mpaka kumayambiriro kwa October, chifunga chachepa, mvula sinayambe, kungoti September utsi wa moto wa m'tchire umabisa mapiri akutali, zithunzi zimatuluka zotuwa.