Cryptococcal meningitis: diripi ndi mapiritsi, kapena mapiritsi okha?

Nthendayi ndi yotupitsa timinofu tokuta ubongo, ndipo imayamba ndi tizilombo ta mtundu wa fangasi. Imagwira kwambiri anthu omwe ali ndi HIV, CD4 (chiwerengero cha maselo a chitetezo cha mthupi) ikatsika kufika pansi pa 100. Mankhwala a mapiritsi otchedwa fluconazole, akakhala yekha, sapha msanga tizilomboti, ndipo timamuzolowera. N'chifukwa chake mankhwala amaphatikizidwa.

Njira yoyamba, yomwe bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidavomereza mu 2022: diripi imodzi ya liposomal amphotericin B, 10 mg pa kilogalamu ya kulemera kwa wodwala, pamodzi ndi mapiritsi a flucytosine ndi fluconazole masiku 14. Yachiwiri ndi mapiritsi awiriwo okha.

Mphamvu: diripi imachotsa tizilombo m'madzi a muubongo mofulumira. Mapiritsi okha amachedwerako.

Zofunika: diripi ndi yodula, imasungunulidwa mu dextrose 5% (madzi a shuga), osati saline (madzi a mchere), ndipo wodwala amayamba walandira lita ya saline kuteteza impso. Pamafunikanso labotale yoyeza creatinine (yoonetsa momwe impso zikugwirira ntchito) ndi mchere wa potassium m'magazi. Mapiritsi safuna diripi, koma amavuta kumwa: fluconazole 1200 mg patsiku, flucytosine 25 mg pa kilogalamu maola 6 aliwonse, ngakhale pakati pa usiku. Wosanza kapena wosokonezeka mutu amadumphitsa, ndipo apa m'pamene zimalakwika. Flucytosine amachepetsanso magazi, ndipo saperekedwa yekha.

Wofika pa Mzuzu Central Hospital, diripi ikakhalapo, ndiyo yoyenera. Mapiritsi okha ndi a pomwe amphotericin palibe.

Njira zonse ziwiri, mutu ukamapweteka kwambiri madzi a mumsana achotsedwe ndi singano, achibale musakane. Kuyamba ma ARV kudikire masabata 4 mpaka 6 chiyambireni mankhwalawa.