Nthano za agogo, buku la zithunzi kapena katuni pa foni, mwana amaganiza kwambiri ndi chiti?

Makolo ambirife timasangalala mwana wa sitandade 2 akayamba kulumikiza maphatikizo, su-ku-lu, ba-mbo, basi tati wathu uja akuwerenga. Koma tamufunsani kuti nanga mnyamata wa munkhanimo amalira chani, mungomva zii. Kusukulu kuli National Reading Programme yomwe inayamba 2016 ya sitandade 1 mpaka 4 ndipo mbali ya malembo akuyesetsa, koma mphunzitsi amene ana amudzadzira kalasi mpaka pakhomo sangafunse aliyense payekha kuti iwe ukuganiza bwanji. Zimenezo zimatsalira ife kunyumba, nde funso nkumati tigwiritse chani.

Tiyambe ndi nthano. Iyi ndi yaulere, sifuna magetsi, ndipo mwana sangokhala phee chifukwa mukati "padangotero" iye ayankhe "tili tonse", nyimbo ikafika avomere. Tengani ija ya chitsime, nyama zonse zakumba Kalulu wakana, kenako akumabwera ndi uchi kunyengerera alonda mmodzimmodzi mpaka kuwamanga, iye nkutunga madzi nkusambamo. Muli zoganiza zambiri mmenemo. Mlonda wachiwiri ankadziwa kuti mnzake anamangidwa dzulo, analoleranji? Kamba wochepa uja anatha bwanji zomwe zinakanika akuluakulu? Mwana wa zaka 4 amatha kulimbana ndi mafunso amenewa asanadziwe ndi "a" yemwe, komanso mawu ngati chilala, kukumba, kunyengerera amawatola pompo. Vuto lake mulibe chilembo ngakhale chimodzi, komanso tinene zoona, agogo ambiri safuna kudulidwa pakamwa, mwana akati bwanji amamuuza kuti khala chete umve. Ndiye ambiri tili mtauni agogowo ali kumudzi, ife tomwe nthano timazikumbukira theka.

Buku la zithunzi ine ndi limene ndimaliika patsogolo, chifukwa chake nchimodzi: tsamba silithawa. Mwana akati mtsikanayu wakwiya, mumamufunsa kuti waona pati? Akuloza nkhope, kapena abwerera masamba awiri mmbuyo pamene mchimwene wake anamulanda mango. Kunena chinthu nkuonetsa pomwe wachitenga, kuganiza kuja timakufuna nkumeneko, ndipo nthano ya pakamwa singapereke zimenezi poti mawu akatuluka apita. Mutha kuphimbanso tsamba lotsatira ndi dzanja, alosere chichitike nchani, mutsegule aone ngati analondola, ndipo akaphonya ndi pamene pamakoma chifukwa amayamba kufufuza yekha chomwe sanachione. Ku America mu 1988 katswiri wofufuza za ana Grover Whitehurst ndi anzake anaphunzitsa makolo a ana a zaka 2 mpaka 3 kuwerenga mofunsa mafunso chonchi mmalo mongowerenga mwana ali duu, patangotha mwezi umodzi anawo anaposa anzawo pa kayankhulidwe. Koma muone kuti chinasintha sichinali buku, anali makolo. Buku lomwelo mukangomuponyera mwana inu muli pa WhatsApp, aona zithunzi mphindi ziwiri kenako ang'amba.

Dandaulo la aliyense ndi loti mabuku a ana a Chichewa ndi osowa ndipo ambiri mmashopu ndi achingerezi, okamba za chipale chofewa chomwe mwana sanachionepo. Nzoona. Koma National Library Service ili ndi malaibulale ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi maboma ena, komanso pa intaneti pali African Storybook ya bungwe la Saide la ku Johannesburg, inayamba 2014, nkhani zake nzaulere mzilankhulo zambiri za mu Africa kuphatikizapo chathuchi, ndipo anazigawa mmalevulo 1 mpaka 5 moti woyamba kumene mumamusankhira ya mawu ochepa. Mutha kukopera pa foni kapena kukapulinta pa siteshonale nkusoka ndi ulusi. Zina Chinyanja chake ndi cha ku Zambia, muziyamba mwawerenga nokha kaye.

Kwa ine ochepera zaka 4 nthano ikwanira, akafika 5 kapena 6 buku lilowe, nthano osaisiya. Mwinanso nthano yomwe munamuuza usiku mawa lake ajambule yekha zithunzi zitatu, choyamba, chapakati, chomaliza, inu mumulembere mawu pansi pake, limenelo ndi buku kale.

Katuni sindikuinyoza. Akili and Me ndi Ubongo Kids za ku Tanzania zinapangidwira ana a kuno ku Africa ndipo nyimbo za malembo ndi manambala ana amazigwira msanga. Kungoti kanema sadikira munthu, Akili, kamtsikana ka mukatuniyo, akafunsa funso yankho limabwera mwana wayankha kapena ayi, ndipo mmene wina akumvera mumtima amachita kukuuza ndi nyimbo ndi nkhope, palibe choti mwana afufuze. Pa YouTube ikatha ina imayamba yokha, bandulo nayo ikupita. Ngati mukuphika ndipo mukufuna mtendere mpatseni, koma ikatha imodzi mulandeni foniyo akufotokozereni zomwe zachitika kuyambira poyamba, akadumpha pakati mumubweze.