Ndemanga pa phunziro la Chikondwerero cha Masabata pa Nkhotakota

Sukulu ina ya Baibulo ya pa boma la Nkhotakota imaphunzitsa za zikondwerero za Ayuda Loweruka m'mawa, ndipo phunziro limene ndikuona kuti n'loyenera ndalama yolembetsera ndi la Chikondwerero cha Masabata, chimene eni ake amachitcha Shavuot. Ambirife timachidziwa chifukwa cha Pentekoste wa pa Machitidwe 2, koma abusa amene amaphunzitsa sathamangira kumeneko, ndipo apa ndi pamene pagona ubwino wa phunziroli.

Iwo amayambira kumunda. Pa Eksodo 34:22 ndi pa Levitiko 23 chikondwererochi n'chothokoza chifukwa cha zokolola za tirigu, chimachitika pakatha masabata 7 kuchokera nyengo ya Pasika, ndipo anthu ankapereka mikate iwiri ya ufa watsopano. Alimi a mpunga amene tinali nawo sanavutike kumva, pakuti nawonso amapereka masika kutchalitchi akakolola. Kenaka abusa anatiuza kuti tipeze vesi m'mabuku a Mose lonena kuti tsikuli n'lokumbukira kuperekedwa kwa Chilamulo pa phiri la Sinai, ndipo tinafufuza osalipeza, chifukwa kulibe. Tanthauzo limeneli linazika mizu pambuyo pake, makamaka Aroma atagwetsa Kachisi wa ku Yerusalemu m'chaka cha 70, pamene panalibenso guwa loperekerapo zipatso zoyamba. Aphunzitsi a Chiyuda anatsamira pa Eksodo 19:1, pamene akuti Aisraeli anafika ku Sinai m'mwezi wachitatu, womwe ndi mwezi wa chikondwererochi. Komabe munda sunaiwalike, popeza mpaka lero patsikuli amawerenga buku la Rute, nkhani yochitika nthawi yokolola barele ndi tirigu.

Chimene sichinandikhutiritse n'chakuti mbiri ya zaka za pambuyo pake abusawo amangoidutsa mothamanga. Mwambo wochezera usiku wonse kuwerenga Chilamulo, umene unafala kuchokera ku Safed, mzinda wa ku Galileya, m'zaka za m'ma 1500, anangoutchula, ndipo za alimi a m'makibbutz (midzi imene anthu amalima ndi kugawana zinthu pamodzi) a ku Israel amene m'zaka za m'ma 1900 anabwezeretsa zionetsero za zokolola anazinena anthu akutuluka kale. Mapepala amene amagawa ali m'Chingerezi chokha ngakhale kuti phunziro lonse limachitika m'Chichewa, choncho amene akufuna kupita atenge kope ndi Baibulo lakelake, afikenso m'mawa chipinda cha malatacho chisanayambe kutentha.