WITCH yakale, ya disiko ndi yatsopano: muike iti pa memori kadi?

Lachiwiri lapitali mnyamata wina wa kabaza anaimika njinga pa benchi yanga yokonzera mafoni kuseri kwa msika wa pa boma, thukuta lili kamukamu, n'kunditambasulira memori kadi. "Achimwene, zija mumaliza dzulo zija, za gitala yolira ngati macheka, mundiikireko." Nditamuuza kuti ndi gulu la ku Zambia lotchedwa WITCH anabweza dzanja. "Afiti?" Ayi ndithu. Dzinalo ndi chidule cha mawu akuti We Intend To Cause Havoc, kunena kuti tabwera kudzasokoneza. Ufiti mulibemo, ngakhale dzinalo analisankha akudziwa kuti anthu adzadzidzimuka.

Kadi yake inali itadzaza kale ndi kaswida ndi amapiano, malo otsala ongokwana chimbale chimodzi kapena ziwiri. Funso lake ndi lomwe limandipezanso kwa anzanga ogula bandulo ya tsiku limodzi: tiyambe ndi chiti? Kuyankha kwake n'kovuta chifukwa dzina limodzili labisa magulu atatu osiyana. Pali WITCH ya magitala ya zaka za m'ma 1970, pali ya disiko ya m'ma 1980, ndiye pali yomwe yadzuka posachedwapa. Wina akakuuzani kuti WITCH ndi yokoma, kapena kuti ndi phokoso chabe, muyambe mwamufunsa kuti akunena iti.

Ine ndinaidziwa kudzera mwa amalume anga a ku Namiyasi, omwe anagwirako ntchito m'migodi ya kopa ku Kitwe. Pobwera anatenga mbale za galamafoni zingapo m'sutikesi, ndipo imodzi inali Lazy Bones!! Anaisunga pamwamba pa kabati, pansi pa denga la malata, ndiye kutentha kwa kuno mukukudziwa. Pomwe ine ndinkaimva inali itapindika ngati chivindikiro cha poto wakale. Singano inkakwera n'kutsika, mawu a woimbayo akuchita ngati ali m'bwato tsiku la mwera. Mpaka lero ndikamva chimbalechi chili bwinobwino khutu langa limadikira pomwe chinkadumpha.

Gululi linayambira ku Kitwe komweko kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970. Woimba patsogolo anali Emmanuel Chanda, yemwe anthu anamupatsa dzina loti Jagari chifukwa chodumpha pa siteji ngati Mick Jagger wa Rolling Stones. Pa magitala panali Chris Mbewe ndi John Muma, besi inali ya Gedeon Mulenga, ng'oma Boidi Sinkala. Chimbale choyamba, Introduction, anachijambula ku Malachite, situdiyo ya mafilimu ku Chingola, ndipo popeza zokonzera mbale anakazipeza kutali, zinakadindidwa ku Nairobi. Kenako ankazigulitsa okha pomwe akuimba. Kudziimira paokha kwake kunali kumeneko: kujambula, kunyamula, kugulitsa, zonse ndi manja awo.

Ambiri amati poti Introduction ndiye chiyambi, yambirani pamenepo. Ine ndimakana. Chimbalechi n'chosangalatsa kwa munthu amene walikonda kale gululi ndipo akufuna kumva anyamatawa asanakhwime. Ogani ikulira pamwamba, ng'oma zikumveka ngati zili kuchipinda china, ndipo paliponse mukumva kuti akutsanzira magulu a ku Britain omwe ankawamvera. "Like a Chicken" imaseketsa ndipo imavinika, koma pa kasipika ka foni chimbale chonsecho chimauma, chimatsala ngati usipa wa pa thandala. In the Past cha 1974 chili pakatikati, ndipo ndikuchilumpha.

Lazy Bones!! cha 1975, chojambulidwa ku DB Studios mu Lusaka, ndi nkhani ina. Apa gululi lapeza mawu ake. Mverani "Black Tears", yotsegulira chimbalechi. Imayamba mofatsa, Jagari akudandaula pansipansi, mpaka mumaganiza kuti ndi nyimbo yogonekera mwana. Kenako gitala ija ya macheka imalowa, ng'oma zimathamanga, ndipo nyimbo imasanduka ina. Phokoso losasa limeneli amalipanga dala ndi kabokosi kopondera ndi phazi komwe oimba amati fuzz, si kuti sipika yang'ambika ayi. Ndikunena izi chifukwa mayi wina anandibwezera sipika yomwe ndinamukonzera atamva ndikuiyesa ndi nyimbo imeneyi, ati sindinaimalize. Chomwe chimapatula Lazy Bones!! ndi magulu a azungu a nthawi imeneyo ndi besi ndi ng'oma. Gitala ikulusa pamwamba, koma pansi pali kugunda koti chiuno chimamva, kwa anthu omwe ankamveranso James Brown ndipo anakulira pa magule a kwawo. Nyimbo zake ndi zazifupi, Chingerezi chake ndi cha kwathu kuno, chosadzikometsa. Ngati malo alipo a chimbale chimodzi chokha, ikani chimenechi.

Koma mtima wanga uli pa Lukombo Vibes cha 1976, ndipo apa ndimakangana ndi anzanga. Pakati pa zaka zimenezo Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za ku Zambia. Magulu anapeza msika, makampani ngati Teal ndi Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo ku Ndola anali pa ntchito usana ndi usiku, ndipo oimba anayamba kuyang'ana kwawo m'malo moyang'ana ku London. Mu Lukombo Vibes mumamva kutembenuka kumeneko. Kagundidwe ka ng'oma kasiya kuwongoka, kayamba kupotana monga timachitira pa gule, ndipo mitu ngati "Nasauka" sifuna womasulira kwa munthu wa kuno. Chimbale chotsatira cha 1977, chokhala ndi "Janet", chilinso ndi "Nazingwa". Kuipa kwake n'koti Lukombo Vibes sichikugwira pa kumva koyamba monga Lazy Bones!! Chimafuna madzulo, magetsi atazima, foni ili pa mpando, palibe wokusokoneza. Wa kabaza amene akumvera khutu limodzi lili ku galimoto za pa mlatho wa Bakili Muluzi sangachimve kukoma.

Tsopano disiko, yomwe okonda magitala amaitchula atakwinya mphuno. Kuti muimvetse muyenera kudziwa zomwe zinagwa ku Zambia. Mtengo wa kopa unatsika pakati pa zaka za m'ma 1970, ndalama m'matumba mwa anthu a m'migodi zinachepa. Nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe inkafika mpaka m'dziko lawo, boma linaletsa kuyenda usiku, ndipo gulu lodya za usiku linayenera kumaimba masana. Eni mabala anaonanso kuti kulemba munthu mmodzi woika mbale n'kotchipa kuposa kulipira anthu asanu ndi zida zawo. Jagari anachoka kukaphunzira n'kukhala mphunzitsi. Otsalawo anatenga Patrick Mwondela pa kiyibodi, anaika oimba ena patsogolo kuphatikizapo mawu a chizimayi, n'kutulutsa Movin' On mu 1980 ndi Kuomboka mu 1984. Dzina lachiwirili ndi la mwambo wa Alozi, pomwe mfumu yawo Litunga imasamuka pa bwato kuchoka ku Lealui kupita kumtunda ku Limulunga madzi a Zambezi akasefukira. Ife amene tinaona nyanja ikulowa m'malo ogona alendo mu 2024 mwambo umenewu sutidabwitsa.

Mukaika Movin' On pambali pa Lazy Bones!! simungakhulupirire kuti ndi gulu limodzi. Macheka aja kulibe. Kuli kiyibodi yoterera, besi yodumphadumpha, mawu osalala. Kwa nthawi yaitali nanenso ndinkati apa anagulitsa mzimu. Chinandisintha ndi chinkhoswe cha msuweni wanga ku Makawa, komwe anandipatsa ntchito yoika nyimbo anthu akudikira chakudya. Ndinayesa Lazy Bones!! Azimayi a kukhitchini anasuzumira, mmodzi n'kufunsa ngati jenereta yavuta. Nditasintha n'kuika Movin' On, apongozi a mkwati omwe, mayi aakulu ovala chilundu cha ndalama, anayamba kugwedeza mapewa ali pa mpando. Palibe anafunsa kuti ndi ya chaka chanji. Ndiye ngati muli ndi sipika yaikulu ndipo ntchito yanu ndi yosangalatsa anthu, kaya pa ukwati kaya pa mchenga ku Cape Maclear, yanu ndi imeneyi. Ngati mukufuna kudziwa chifukwa chomwe dziko lonse likukambira za Zamrock, nyimbo za magitala za ku Zambia za m'ma 1970 zija, disikoyi sikuuzani kanthu.

Pambuyo pake kunali zii. Kalindula, mtundu wina wa nyimbo zovina za ku Zambia, inalanda msika, makaseti okopera anapha malonda a mbale, ndipo Edzi inatenga oimba ambiri a m'badwo umenewo. Mwa anyamata oyambirira aja, Jagari ndiye anatsala, akukumba miyala ya mtengo wapatali kutchire kuti apeze chodya. Amene anafukula nyimbozi ndi kampani yaing'ono ya ku Los Angeles, Now-Again Records, yomwe mu 2012 inatulutsanso zimbale za m'ma 1970 pamodzi. Mtaliyana wina, Gio Arlotta, anajambula filimu ya moyo wa Jagari yomwe inatuluka mu 2019, ndipo pa ntchito imeneyo gulu linaumbidwanso: Jagari, Mwondela, ndi oimba achinyamata a ku Ulaya monga Jacco Gardner wa ku Netherlands pa besi. Zango chinatuluka mu 2023, patatha zaka 39 chitulukireni Kuomboka, ndipo anakachijambulira ku DB Studios komwe kuja. Sogolo chinatsatira mu 2025. Dzina limenelo inu nomwe mwalimva kale, ndi tsogolo lathu lomweli.

Pa kamvekedwe, zatsopanozi zimapambana zonse. Besi ndi yodzaza, ng'oma zili pafupi, ndipo pa sipika za Bluetooth zomwe anyamata amapachika pa njinga zimamveka bwino kuposa chilichonse cha 1975. Zango chasakaniza WITCH ziwiri zija, macheka a Jagari ndi kiyibodi ya Mwondela, zinthu zomwe kale sizinakhalepo m'chimbale chimodzi. Zinenero za ku Zambia zachulukamo, ndipo Sampa the Great, woimba wachizimayi wa ku Zambia, akumveka mu "Avalanche of Love". "Waile" ndi yomwe ndimayesera mahedifoni a makasitomala. Chodandaula changa n'chimodzi, ndipo mwina ndi ukalamba: zonse zili m'malo mwake mopitirira. Achinyamatawa anaphunzira nyimbozi pa mbale, amazilemekeza, ndipo salakwitsa. Mu Lazy Bones!! mumamva anthu oti akhoza kugwa nthawi iliyonse koma sakugwa, ngati bwato lodzaza matumba likuwoloka Shire. Mu Zango bwatolo lili ndi injini.

Pali anthu ena omwe ndimawauza kuti asiye kaye WITCH yonse. Ngati chomwe mukufuna ndi kumva gitala yolusa pansi pa chinenero chomwe mukumva mawu aliwonse, pitani kwa Paul Ngozi ndi Ngozi Family, makamaka 45,000 Volts cha 1977. Dzina lake lenileni anali Paul Nyirongo, ndipo anamwalira mu 1989. Nyimbo yake "Nizakupanga Ngozi" ndi yomwe Tyler, the Creator wa ku America anadulako n'kuika mu "Noid" mu 2024, ana athu n'kumaimba Chinyanja cha ku Lusaka osadziwa kuti chachokera kuti. Wofuna zofatsa atenge Africa cha Amanaz cha 1975. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Za kopeza: zonsezi zili pa YouTube ndi Spotify, ndipo zambiri zimagulidwa pa Bandcamp ngati muli ndi khadi yolipirira kunja, chinthu chomwe ambirife tilibe. Pa YouTube samalani. Ena anaika nyimbo zojambula pa mbale zokalika ngati ya amalume ija, ndiye fufuzani zoikidwa ndi kampani yake musanathe bandulo. Ndivomerenso pano kuti ndikakopera munthu pa memori kadi, Jagari sapezapo ngakhale tambala. Ndimadziwa, ndipo sizindikomera, pokumbukira kuti makaseti okopera ndi omwe anathandiza kugwetsa anthu amenewa poyamba paja. Amene muli ndi Spotify mverani kumeneko, kangachepe kamafikako.

Wa kabaza uja ndinamuikira Lazy Bones!! ndi nyimbo zinayi za mu Zango. Anabweranso Lachisanu kudzati ndichotse zonse za 1975 kupatula "Black Tears", chifukwa makasitomala achizimayi akumatsika asanafike, ndipo m'malomo ndiike "zija za pa chinkhoswe". Ndinamuikira Movin' On.

Loweruka ndinakwera minibasi kupita ku Namiyasi ndi Zango mu foni. Amalume anali pakhonde akusoka ukonde wa mdzukulu wawo. Ndinawaika mahedifoni osawauza kanthu. Anamvera nyimbo yoyamba yonse singano ili m'manja, osasoka.

"Ameneyu ndi Jagari," anatero. "Ali moyo?"

"Ali moyo, amalume. Akuimba mpaka ku America."

Anakhala chete, kenako anavula mbali imodzi ya mahedifoni. "Mawu akalamba ngati anga. Woimba ng'omayu si Boidi." Anabwezera kukhutu, n'kumvera ina mpaka kutha. "Ili bwino, mphwanga. Koma ija yopindika ija uli nayo mmenemu? Ndiikire imeneyo."