Implanon pamkono: mmene zandiyendera patatha chaka ndi theka

Padutsa chaka ndi theka chiikitsireni Implanon, njira yolera ya pamkono imene ambirife timangoti noplanti. Pa ntchito yoletsa kutenga mimba sindikuipezera chifukwa, ndipo ndikadali nayo. Koma mayi amene akuganiza zoikitsa ndimamufunsa kaye ngati angathe kupirira msambo wosokonekera kwa miyezi ingapo, komanso ngati pakhomo pake angamumvetse. Nkhani yagona pamenepo, ndipo kuchipatala nthawi zambiri amangoidutsa mwachidule chifukwa mzere umakhala wautali.

Poyamba ndinali pa jakisoni wa Depo, monga amayi ambiri kuno. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti mwa amayi 100 apabanja m'Malawi, 30 ankabayitsa jakisoni, pomwe pafupifupi 12 anali ndi njira ya pamkono. Jakisoni sankandivuta m'thupi. Chinkanditopetsa ndi kusunga tsiku miyezi itatu iliyonse, kutaya m'mawa wonse pa benchi, nthawi zina n'kubwerako ndi mawu oti mankhwala atha mubwere sabata yamawa. Chinanso n'chakuti ukasiya Depo mimba imatha kuchedwa miyezi yambiri, pomwe ife timafuna kudzakhalanso ndi mwana pa nthawi imene tapangana.

Anamwino anandionetsa mitundu yake. Jadelle ndi timitengo tiwiri ta mankhwala a levonorgestrel, timakhala zaka 5. Levoplant ndi tiwirinso, ta zaka 3. Implanon NXT ndi kamodzi kokha, kotalika masentimita 4, kofanana ndi kamtengo ka machesi koma kofewa, kali ndi etonogestrel ndipo kamakhala zaka 3. Ndinasankha kameneka chifukwa mwana anali akuyamwa ndipo zaka zitatu ndi mpata umene timaufuna. Mulibe mahomoni a estrogen m'njira zonsezi, choncho mkaka suchepa. Mankhwala amatuluka pang'onopang'ono, amaletsa dzira kukhwima ndi kutuluka, komanso amalimbitsa chikazi cha pakhomo la chiberekero kuti umuna usadutse. Mwa amayi 1,000 oikitsa, pafupifupi mmodzi yekha ndi amene amatenga mimba m'chaka choyamba.

Kuika sikunatenge nthawi. Anasankha mkono wamanzere poti ndimagwiritsa ntchito wamanja, mkati mwa mkono pamwamba pa chigongono. Jakisoni wochititsa dzanzi ndiye analuma pang'ono, kwinako ndinangomva kukankha. Asanamange bandeji anandigwira chala n'kuchiyendetsa pamwamba pa khungu. "Mayi, kagwireni nokha, mukadziwe pamene kali," anatero. Tsiku loika ndi lodzachotsa analemba m'kabuku kanga ka kuchipatala. Pamalopo panada ngati ndamenyedwa kwa sabata yopitirira, kenako panatha. Poti sindinaikitse m'masiku oyamba a msambo, anandiuza kuti kwa masiku 7 tigwiritse ntchito kondomu.

Mwezi woyamba unadutsa bwino. Wachiwiri ndi pamene zinayamba. Sanali magazi ambiri ayi. Anali timagazi todontha, nthawi zina todera, tobwera masiku angapo, n'kusiya masiku awiri, ine n'kumati zatha, kenako n'kuyambiranso. Munthu sudziwa kuti uvale chiyani popita kutchalitchi kapena kumaliro kumene ukakhale pansi tsiku lonse. Chitenje chachiwiri sichinkachoka m'chikwama. Ndalama za mapadi zinalowa m'bajeti ya mlungu uliwonse, ndipo zikatha ndinkabwerera ku nsalu, kuchapa usiku n'kuyanika kuchipinda. Sopo ankatha msanga. Izi palibe amazitchula akamalongosola ubwino wa kulera, koma kwa mayi wa kumudzi amene sopo amagula wodula pakati, ndi mtengo weniweni wa njirayi.

Ndiye pali za m'nyumba. Kwathu mayi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, ndipo malo amodzi ndi bambo sakhalira. Mwambowu unakonzedwera msambo wa masiku anayi kapena asanu, osati wa masabata. Apongozi atabwera kudzacheza anaona kuti tsiku ndi tsiku ndikuitana mwana wa mlamu wanga kuti adzathire mchere. Anandiitanira kuseri n'kundifunsa motsitsa mawu: "Kodi apongozi, muli bwinobwino? Zimenezi si za pamkonozo?" Sananene mwachipongwe, ankada nkhawa. Bambo a ana nawo anapirira poyamba, koma pofika mwezi wachinayi anayamba kunena zoti ndikachotse. Ndikudziwa amayi amene anachotsa pa chifukwa chimenechi basi, thupi lawo lisakuwavuta kwenikweni, ndipo sindiwaweruza. Chimene chinatithandiza n'chakuti ndinapita nawo kuchipatala kuti akadzimvere okha. Anamwino anawafotokozera kuti magaziwo si matenda, si chizindikiro choti njirayo yalephera, ndiponso kuti kukhalira limodzi pa nthawi ya timagazi totere sikuvulaza aliyense. Mawu omwewo ndinali nditawauza kunyumba, koma anawamva atatuluka pakamwa pa wovala yunifolomu.

Tsiku limenelo anandiyeza kaye ngati pali vuto lina, kenako anandipatsa ibuprofen woti ndimwe masiku 5 nditadya, ndi mapiritsi owonjezera magazi. Ananenanso kuti zikapanda kusintha pali mapiritsi olera okhala ndi estrogen amene amapereka kwa masiku 21 kuti magazi aime. Ibuprofen anathandiza kwa kanthawi, magazi anadzabweranso, koma mocheperako. Itadutsa miyezi isanu ndi umodzi zinayamba kukhazikika zokha. Panopa ndimatha miyezi iwiri kapena itatu osaona kanthu, kenako timagazi ta masiku ochepa.

Apa ndinene mosabisa kuti si onse zimawathera chonchi. Mwa amayi asanu a Implanon, pafupifupi mmodzi amasiyiratu kusamba, ndipo mmodzinso amataya magazi pafupipafupi kapena kwa nthawi yaitali. Mwa amene miyezi itatu yoyamba imawavuta, pafupifupi theka zimadzawasinthira, enawo zimapitirira. Mng'ono wanga anaikitsa mtundu womwewu ndipo chiikitsireni sanasambeko. Iye nkhawa yake inali ina, yoti magazi akuunjikana m'mimba ndipo adzasanduka chotupa. Sizili choncho. Mankhwalawa amachititsa kuti khungu la mkati mwa chiberekero likhale lopyapyala, ndiye palibe choti chituluke, palibenso chotsalira.

Zina zimene ndinakumana nazo ndi zazing'ono. Mutu unkandiwawa madzulo m'miyezi yoyamba, mabere ankalemera, ndipo ziphuphu zinabwera pachibwano ngati za mtsikana wongotha msinkhu. Mutu ndi mabere zinatha, ziphuphu zimabwerabe apo ndi apo. Thupi ndawonjezera pang'ono, siketi zina zikuthina. Mtima unkandipsa msanga pa nthawi ya magazi ija, ana ndinkawakalipira pa zinthu zosayenera. Mayi amene akuona kuti chisoni kapena ukali zikupitirira asazisunge mumtima, akanene kuchipatala, chifukwa kusintha kwa maganizo kuli m'gulu la zotsatira zodziwika za njirayi.

Mphekesera yoti kamtengoka kamayenda mpaka kumtima ndinaimva kumjigo, kumsika, ngakhale kwa anthu ophunzira. Kakaikidwa bwino pansi pa khungu kamakhala pomwepo. Kusuntha kupita kutali kumachitika mwa apo ndi apo kwambiri, makamaka kakalowetsedwa mwakuya, ndipo n'chifukwa chake anamwino aja anandigwiritsa ndi chala changa. Ndimakagwira posamba, kali pamene anakasiya. Tsiku limene simukukamva, pitani kuchipatala ndipo gwiritsani ntchito kondomu mpaka akapeze. Implanon NXT anaipanga kuti izioneka pa X-ray.

Chimene ndimafuna amayi ambiri atadziwa ndi nkhani ya mankhwala ena. Ma ARV okhala ndi efavirenz, aja ankatchedwa 5A, amafooketsa njira ya pamkono, ndipo amayi ena anatenga mimba ali nayo. Kuyambira 2019 ambiri anasinthidwa kupita ku a dolutegravir, amene salimbana nayo. Rifampicin wa TB amaifooketsanso, chimodzimodzi mankhwala a khunyu monga carbamazepine, phenytoin ndi phenobarbitone. Choncho mukadwala, muuzeni dokotala kuti muli ndi cha pamkono ngakhale asanafunse. Komanso sichiteteza ku HIV kapena matenda ena opatsirana pogonana, pamenepo ndi kondomu basi. Amene anadwalapo khansa ya m'mawere, amene ali ndi matenda aakulu a chiwindi, kapena akutaya magazi osadziwika chifukwa chake, ayenera kuonedwa kaye asanaikidwe. Ndipo mukaona mafinya pamalo oikapo, kamtengo kakutuluka, magazi ochuluka kwambiri kuposa msambo wanu, kupweteka koopsa m'munsi mwa mimba kapena maso achikasu, musadikire kuti kuche kawiri.

Kwa mayi amene akufuna kupuma zaka ziwiri kapena zitatu, amene chipatala chili kutali, kapena amaiwala mapiritsi, ndinganene kuti aikitse. Amene akufuna mwana chaka chamawa, kapena akudziwa kuti msambo wosadziwika tsiku ungamusokonezere banja kapena mapemphero, aganizire njira zina. Lupu ya kopa, yoika m'chiberekero, ilibe mahomoni ndipo msambo umabwera pa nthawi yake, ngakhale umatha kuchulukirako.

Musanatambasule mkono, funsani kuti mukafuna kuchotsa mudzapita kuti, tsiku liti, kwa ndani, ndipo mudzalipira kapena ayi. Kuchotsa kumafuna munthu wophunzitsidwa, jakisoni wa dzanzi ndi kucheka pang'ono, ndipo kumatenga nthawi kuposa kuika. Mnzanga wina anavutika ndi magazi pafupifupi chaka chathunthu, koma kumene ankapita ankangomuuza kuti apirire, mwina zipangizo palibe, mwina wochotsa sanabwere. Pamapeto pake anakalipira kuchipatala china. Zinandipweteka, chifukwa mayi ali ndi ufulu wochotsa nthawi iliyonse, pa chifukwa chilichonse, ndipo akamakanizidwa ndi pamene anzake onse a m'mudzi amayamba kuopa njirayi. Ine ndinafunsiratu, ndipo ndikudziwa tsiku la pa sabata limene amachotsa kuchipatala chathu. Kakangochoka mphamvu yake imatha m'masiku ochepa ndipo mimba ingabwere mwezi womwewo, ndiye tapangana ndi bambo a ana kuti pasanafike tsiku lolembedwa m'kabuku tidzakhale titagwirizana kale: kusiya kuti tipeze wachitatu, kapena kuika kena tsiku lomwelo.