Chishalo kapena mpando wotsamira: chopweteketsa matako pang'ono ndi chiti?

Opalasa njinga mtunda wautali, monga kuchoka ku Luchenza kukafika ku Limbuli, amadziwa kuti matako ndi amene amayamba kudandaula miyendo isanatope. Pa mankhwala ake ndiye timasiyana. Ena amati gulani chishalo chachikulu chamasipuling'i, ena amamanga siponji ndi malegeni, ena amakonda kachishalo kowonda ka mauntenibaiki. Palinso amene aona pa YouTube njinga zotsamira zotchedwa recumbent, zija munthu amakhala pampando woyedzamira msana n'kumapalasa miyendo italoza kutsogolo, ndipo akuti vuto limathera pomwepo. Silithera pomwepo ayi, limangosamuka.

Tiyambe ndi siponji chifukwa ndi imene ikupusitsa anthu ambiri. Pansi pa matako pali timafupa tiwiri tomwe tinapangidwira kusenza thupi munthu akakhala. Pachishalo cholimba, thupi limatsamira pa timafupa timeneti. Mukakulunga siponji yokhuthala, timafupato timamira, ndipo siponjiyo imatukuka pakati n'kumapanikiza pamene pamadutsa mitsempha yopita kumalo obisika. Poyamba mumamva kukoma. Mukamafika pa Chitakale kutsogoloku kwachita dzanzi. Kuno kwathu ku Mulanje mvula ndi chiperoni sizichedwa, siponji imamwa madzi, buluku limanyowa, khungu limasupuka. Malo ake a siponji ndi pakaliyala ya kabaza, poti wokwezedwayo sapalasa.

Chishalo chotambalala chamasipuling'i chimayenerana ndi njinga imene munthu amakhala chowongoka, monga zakuda zakale zija za mabuleki achitsulo kapena Buffalo. Ukakhala mowongoka thupi lonse limalemera pamatako, ndiye pamafunika potakata. M'misewu yafumbi yodutsa m'minda ya tiyi masipuling'i amameza mabampu, msana umapumako. Koma chiikeni pa njinga yoti muziwerama pogwira mahandulo, muona ntchafu zikukhuzika m'mbali mwake. Sipuling'i imodzi ikatopanso chishalo chimapendekeka, thako limodzi n'kumagwira ganyu ya awiri.

Chowonda chija anthu amachiopa ndi maso, komabe pa ulendo wautali chimaposa zinazi ngati m'lifupi mwake mwagwirizana ndi mafupa anu. Kuyeza kwake n'kosavuta. Ikani katoni pa sitepe ya khonde, khalanipo mowerama pang'ono, kenako dzukani. Muona timaenje tiwiri. Yezani pakati pa timaenjeto n'kuwonjezera masentimita awiri kapena kuposerapo pang'ono, chishalo chanu chikhale chotero kumbuyo kwake. Chachikopa ngati Brooks B17 ya ku England chimadzaumbika motengera thupi la mwiniwake, koma mtengo wake ndi wowawa ndipo sichigwirizana ndi mvula, choncho ku Mulanje sindingachilimbikitse.

Tsono njinga yotsamira. Zabwino zake n'zoona: palibe chokupanikizani pakati pa miyendo, khosi silikakamira, manja sachita dzanzi. Pamalo athyathyathya imathamanganso chifukwa mphepo siikumenyani pachifuwa. Mu 1933 Mfalansa wina, Francis Faure, anapalasa makilomita 45 mu ola limodzi pa njinga yotere yopangidwa ndi Charles Mochet, ndipo chaka chotsatira bungwe loyang'anira mipikisano la UCI linaziletsa m'mipikisano yake. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene sizipezeka kawirikawiri m'masitolo mpaka lero.

Koma ili ndi ululu wakewake. Pa njinga wamba mumakhalira mafupa, ndipo mukatopa mumaimirira pa mapedulo magazi n'kuyendanso. Pa yotsamira mumakhalira mnofu weniweni wa matako, womwewo umene ukukankha pedulo, ndipo kuimirira kulibe. Mnofu ukugwira ntchito uku wapsinjidwa, magazi sakufikamo mokwanira, ndiye umayamba kuwotcha mkatikati. Amene amapalasa njinga zotsamira za mujimu, zosayenda zija, amaudziwa ululu womwewu.

Mipando yake ilipo ya mitundu iwiri. Wina ndi wa neti yokungidwa pa felemu ya mapaipi. Umapitisa mphepo, zomwe n'zofunika kwambiri mu Okutobala, ndipo malamba ake mukhoza kukunga kapena kumasula mpaka msana utakhazikika. Vuto lake n'lakuti kawirikawiri umakhala woimirira, kulemera konse kumagwera pamatako, ndipo neti ikakhwepa mapaipi a m'mbali amayamba kufinya ziuno. Winawo ndi wolimba ngati chigoba, wokhala ndi kasiponji kopyapyala pamwamba. Kuukhudza ndi dzanja mungati ndi chilango, koma popeza umagonekedwa kwambiri, cha m'ma digiri 30 kuchoka pansi, kulemera kumagawikana ndi msana wonse mpaka m'mapewa. Pa nkhani ya matako yokha, ine ndimauika patsogolo. Mumalipira ndi thukuta la kumsana, komanso khosi limafuna potsamira mutu. Chigobacho chikapanda kugwirizana ndi kutalika kwa msana wanu, palibenso chokunga kapena kumasula.

Chimene ndikuona pa mipando iwiriyi n'chakuti kupendeketsa kumathandiza kuposa kuwonjezera zofewa. Musanagule kalikonse, bwezani choyedzamiracho kumbuyo pang'onopang'ono, ndipo onani kutalika kwa pamene pali mapedulo. Akatalikitsa mumaseseleka kutsogolo pofuna kuwafikira, thupi lonse n'kutsamira pa kafupa ka kumapeto kwa msana. Bondo lizitsala lopindika pang'ono pedulo ikafika kutali kwenikweni.

Ndiye kwathu kuno tisankhe iti? Msewu wa M2 ukuyankha wokha. Kuchoka ku Luchenza kupita ku Muloza, komwe zitunda sizoopsa, yotsamira ingakusangalatseni, makamaka inu amene dzanzi la kumalo obisika kapena khosi zinakusiyitsani kupalasa. Kukwera kupita ku Thyolo boma ndi ku Bvumbwe ndi nkhani ina. Simungaimirire kuti mukankhe ndi thupi, mumangodalira magiya ofewa, ndipo liwiro likatsika kwambiri njingayo imayamba kudzandira. Ndi yaifupinso, woyendetsa minibasi kapena lole ya tiyi sakuonani msanga pokhapokha mutaika kambendera kakatali. Za thumba la chimanga kapena dengu la chinanazi pakaliyala iwalani. Ziwiya zake monga mpando ndi tcheni chake chachitali, chomwe chimafuna matcheni wamba awiri kapena atatu olumikiza, simungazipeze zokonzeratu kwa amakanika a pamsika.

Wakabaza ndi wamalonda akhale pa chamasipuling'i cholimba, chopanda siponji. Wa maulendo aatali pa mauntenibaiki ayeze mafupa ake kaye. Onsewa ayambe ndi sipanala: chishalo chikhale chosapendekeka kutsogolo kapena kumbuyo, ndipo chikwezedwe mpaka mwendo uziwongoka chidendene chikaponda pedulo ili pansi. Njinga zambiri zimene ndimaziona pa Chitakale zishalo zake n'zotsika kwambiri, mphuno zitayang'ana kumwamba.